Ayironi wosintha khalidwe: muonetse bwanji spin crossover pa sukulu ya ku Dedza kapena ku Ntcheu?

Mtsikana wa Fomu 3 anandifunsa tsiku lina tikutseka labotale kuti, "Aphunzitsi, mwati m'magazi mwathu muli ayironi. Nanga bwanji maginito sakakamira pa dzanja langa?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa belu linali litalira, koma funsolo linanditsata mpaka kunyumba. Yankho lake lenileni limakafika pa nkhani imene akatswiri a kemisitiri amaitcha spin crossover, yoti atomu imodzimodziyo ya ayironi itha kukokedwa ndi maginito pano, kenako n'kuleka, malinga ndi zimene zaizungulira ndiponso kutentha kwa malo. Ndalemba izi polingalira aphunzitsi anzanga amene amayendetsa makalabu a sayansi m'maboma athu awiriwa, amene apatsidwa kandalama kochepa ndi ahedi ndipo akufuna kusankha chionetsero chimodzi choti ana achione ndi maso awo.

Chimene chimasintha n'chiyani

Atomu ya ayironi imene yataya ma elekitironi awiri, yolembedwa Fe2+, imatsala ndi ma elekitironi 6 oti akhale m'zipinda 5. Ikazingidwa ndi mamolekyulu 6 oigwira, amene timawatcha ma ligand, zipindazo zimagawanika: zitatu zimakhala m'munsi, ziwiri pamtunda. Ganizani za mudzi wa m'tsinde mwa phiri la Dedza, nyumba zitatu kudambo, ziwiri pachitunda. Ma elekitironi sakonda kugona awiri m'nyumba imodzi, komanso sakonda kukwera. Chitunda chikakula, amapirira kuthithikana, awiriawiri m'nyumba zitatu za m'munsi, popanda wotsala yekha. Imeneyi ndiyo low spin, ndipo maginito sapeza pogwira, chifukwa amakoka ma elekitironi ogona okhaokha basi. Chitunda chikachepa, awiri amakwera, ndiye anayi amagona okhaokha. Imeneyi ndiyo high spin, ndipo maginito amaikoka.

Ma ligand ambiri amapendekera mbali imodzi n'kukhazikika komweko. Koma alipo ena amene amasiya chitunda chili pakatikati, kuvuta kwa kukwera kukulingana ndi kuvuta kwa kuthithikana. Zikatero, kutenthetsa pang'ono, kupanikiza, ngakhale kuwalitsa, kumasamutsa ma elekitironi. Mtundu wa chinthucho umasintha, mphamvu yake pa maginito imasintha, ndipo molekyuluyo imafufuma, chifukwa mtunda wa pakati pa ayironi ndi nayitirojeni womugwira umatalika ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Luigi Cambi wa ku Italy ndi amene anayamba kuona zimenezi mu 1931. Mu 1984 gulu la Philipp Gütlich ku Mainz, m'dziko la Germany, linaonetsa kuti kuwala kokha kutha kusintha spin, ngakhale kuti zinafunika kuzizira kopitirira madigiri 220 pansi pa ziro.

Miyeso imene ndagwiritsa ntchito

Woyamba, umene ndimauika patsogolo pa yonse: kodi chimene ana akuonacho ndi kusintha kwa spin kwenikweni, kapena ndi chinthu china chongofanana nako? Zionetsero zambiri zokongola zimagwa pa muyeso umenewu. Wachiwiri: kodi mwana aona mtundu wokha, maginito okha, kapena zonse ziwiri? Kenako pakubwera miyeso ya tsiku ndi tsiku, mtengo, kupezeka, kusamalira ndi zoopsa. Mitengo ya mankhwala a labotale imayendera dola ndipo imasintha msanga, choncho ndayerekeza njirazi ina ndi inzake m'malo molemba makwacha.

Palinso chinthu china chimene mabuku olembedwa kunyanja sanena. Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100. Chionetsero chilichonse chodalira madzi otentha chiyenera kukwana pansi pa malire amenewo.

Njira yoyamba: michere iwiri ya ayironi, maginito ndi sikelo

Pano simuonetsa molekyulu imodzi ikusintha. Mumaika pambali ndi pambali mbali ziwiri za nkhaniyi. Ferrous sulphate, mchere wobiriwira mopepuka uja, ndi Fe2+ wa high spin, ma elekitironi anayi okhaokha. Potassium ferrocyanide, wachikasu, ndi Fe2+ yemweyo koma wa low spin. Tengani sikelo yaing'ono ya mabatire yowerenga mpaka 0.01 g, vundikirani kapu ya pulasitiki pamwamba pake, ikani maginito amphamvu pa kapuyo, muyike pa ziro. Pangani kamlatho ka matabwa kodutsa pamwamba pa maginitowo popanda kukhudza. Mukagoneka chubu cha ferrous sulphate pa kamlathoko, manambala amatsika pansi pa ziro, chifukwa mcherewo ukunyamula maginito. Mukaika cha ferrocyanide, sikelo imangoti duu. Ana amakhala chete pamenepo, ndipo ndi pamene phunziro limalowa: ayironi ndi mmodzi, chasiyana ndi omugwira.

Mutha kuwonjezera mzere: mchere wa pandiwo sukokedwa, copper sulphate wa elekitironi imodzi yokha amakokedwa pang'ono, manganese sulphate wa ma elekitironi asanu amakokedwa kuposa onse. Ana akayeza okha n'kujambula girafu, aona kuti mphamvu ikukwera motsatira chiwerengero cha ma elekitironi ogona okhaokha.

*Mtengo.* Wapakati, ndipo ndalama yambiri ipita ku sikelo. Koma sikelo imeneyo idzagwira ntchito zina chaka chonse, choncho si ndalama yotayika.

*Kupezeka.* Masikelo otere ndi omwe amagwiritsa ntchito ogula miyala ya mtengo wapatali, ndipo anzathu a ku Ntcheu, kumene kuli phiri la Chimwadzulu lodziwika ndi ruby, amawadziwa bwino. Maginito abwino koposa ali m'kati mwa hard disk yakufa. Funsani okonza makompyuta. Ferrous sulphate ndi copper sulphate amapezeka m'malabotale ambiri a sekondale. Ferrocyanide ndiye wovutirapo, mungafunike kupempha ku sukulu ina kapena kuitanitsa ku Lilongwe. Musamusokoneze ndi ferricyanide wofiira uja woyesera dzimbiri. Ameneyo ndi Fe3+, ali ndi elekitironi imodzi yokha yekha, ndipo amakokedwa pang'ono.

*Kusamalira.* Ferrous sulphate amasanduka wofiirira akakhalitsa pa mpweya, makamaka nyengo ya mvula. Tsekani machubu ndi phula la kandulo. Ngati mungapeze ammonium iron(II) sulphate, amene ena amamutcha mchere wa Mohr, ameneyo amapirira kwambiri. Mphepo ya mu June ndi July imagwedeza manambala a sikelo, ndiye tchingani ndi katoni. Kuona maso a nkhono n'kudekha: dikirani manambala akhazikike musanalembe.

*Zoopsa.* Ferrocyanide payekha si woopsa kwambiri, amathiridwa pang'ono mu mchere wina wa pandiwo kuti usaundane. Koma akakumana ndi asidi wamphamvu ndi moto amatulutsa mpweya wakupha, choncho asungidwe kutali ndi ma asidi, ndipo chubu chake chisatsegulidwe ndi ana. Maginito a mu hard disk amapana zala ndipo amasweka. Choopsa china ndi cha zotsatira zabodza. Chaka china ndinapanga ndekha ferrous sulphate posungunula sitiliwulu mu asidi wosukuluka, ndipo sindinasefe bwino. Tizidutswa ta chitsulo tosaoneka ndi maso tinatsalira, sikelo n'kuonetsa mphamvu yoposa muyeso. Ana analemba manambala olakwika sabata yonse ndisanazindikire, ndipo zinandipweteka kuwauza kuti tiyambirenso. Sefani kawiri. Ndipo mapiritsi owonjezera magazi a kuchipatala aja, ngakhale muli ferrous sulphate, asiyireni amayi oyembekezera amene anawalembera.

Njira yachiwiri: ufa wa ayironi ndi triazole

Iyi ndiyo spin crossover yeniyeni, imene mwana angaigwire m'manja. Fe2+ akalumikizidwa ndi triazole, ligand wokhala ndi nayitirojeni, amapanga maunyolo ataliatali, ayironi aliyense womangidwa kwa mnzake ndi ma triazole atatu. Pozizira ufawo umakhala wa mtundu wa papo (purple) kapena pinki, low spin. Mukautenthetsa umayera, high spin. Mukauziziritsa umabwerera, ndipo mutha kubwereza kambirimbiri. Olivier Kahn wa ku France anautchukitsa m'zaka za m'ma 1990 pofufuza ngati ungasungire uthenga monga zimachitira zipangizo za kompyuta.

Chimene chinamukopa n'choti ufawu umakumbukira kumene wachokera. Mtundu wina wodziwika kwambiri, wolembedwa [Fe(Htrz)2(trz)]BF4, umayera pa madigiri pafupifupi 110 ukamatenthetsedwa, koma subwerera ku papo mpaka utazizira kufika pafupifupi 70. Pa madigiri 90, mtundu wake umadalira ngati ukuchokera kotentha kapena kozizira. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anakwerapo matola yodzaza: mmodzi sangasunthe yekha, amadikira mpaka onse asunthire limodzi. Ayironi mmodzi akafufuma amakankha mnzake pa unyolo, ndiye onse amakana limodzi n'kugonja limodzi.

Apa ndi pamene mtunda wa Dedza ukulowerera. Madigiri 110 simungawafike ndi ketulo ya madzi, kuno kapena kwina kulikonse. Mufunika mafuta ophikira otenthetsedwa kapena simbi. Mtundu wopangidwa ndi 4-amino-1,2,4-triazole ndi ferrous sulphate umasintha pa kutentha kosafika pa madzi owira, choncho ndi umene ungagwire pa sukulu. Gulu la Helena Shepherd ku University of Kent linaonetsa kuti umenewu utha kupangidwa pongosinja zinthu ziwirizo pamodzi mu kamtondo ka mu labotale. Palinso [Fe(phen)2(NCS)2], wotchuka m'mabuku, koma amasintha pa madigiri pafupifupi 97 pansi pa ziro. Popanda nayitirojeni wamadzi, wonga amene a za ziweto amasungiramo umuna wa ng'ombe, simungaone kanthu.

*Mtengo.* Wokwera kuposa njira zonse. Ufa wofunika ndi wochepa, kasupuni kamodzi kakwanira kalasi, koma ogulitsa sagulitsa kasupuni. Mumagula botolo lathunthu, kulipira mayendedwe ochokera kunja, ndi kudikira ndalama zakunja.

*Kupezeka.* Triazole simungamupeze m'sitolo ya pa boma, ndipo m'malabotale a sekondale sakhalamo. Njira yanzeru ndi kudzera kwa mphunzitsi wa kemisitiri wa ku yunivesite, kaya ku Zomba, ku MUST ku Thyolo, kapena ku Bunda, kuti akakhala ndi oda yawo akuikireniponso. Lembani dzina lonse mosamala. Nambala ya kutsogoloyo ndi yofunika: 3-amino-1,2,4-triazole ndi mankhwala ophera udzu otchedwa amitrole, ndipo si amene mukufuna.

*Kusamalira.* Fe2+ amafuna kusanduka Fe3+, ndipo akatero ufa umachita dzimbiri n'kuleka kusintha. Popanga m'madzi amathiramo vitamini C pang'ono kuti ateteze. Chinyezi chimasunthanso madigiri osinthira, moti ufa umene unasintha bwino mu September utha kuchita zina mu February. Utsekereni m'chubu chouma, ndipo muzitenthetsa chubucho, osati ufa wapoyera.

*Zoopsa.* Triazole wamba, 1,2,4-triazole, ali m'gulu la mankhwala amene angavulaze mwana wosabadwa, choncho mphunzitsi kapena wophunzira woyembekezera asakhudze. Magolovesi ndi magalasi n'zofunika popanga. Pewani maphikidwe ogwiritsa ntchito perchlorate, chifukwa michere yotere itha kuphulika ikauma. Ya nitrate nayonso si yoti muzisinja kapena kuwotcha pa moto. Choopsa chomaliza n'chakuti mutha kudikira teremu yonse oda isanafike, tsiku la chionetsero n'kudutsa.

Kunena zoona, mtima wanga uli pa njira imeneyi. Ndikanakonda mwana aliyense wa kuno ataona ufa wa papo ukuyera m'madzi otentha, kenako n'kuuthamangitsira pa sikelo ija kuti aone manambala akutsika. Koma musauze ana kuti mafoni awo ali ndi zinthu zimenezi. Kafukufuku wa zosungira uthenga ndi zoyezera kutentha zochokera ku spin crossover akupitirira, koma akadali m'malabotale.

Njira yachitatu: cobalt chloride

Ambiri amathamangira kuno, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Madzi a cobalt chloride othira mchere wambiri kapena hydrochloric acid amakhala pinki pozizira, buluu potentha, n'kubwereranso. Kusinthako n'kokongola kuposa kwa triazole.

Koma si spin crossover. Chimene chikuchitika n'choti cobalt akusiya mamolekyulu 6 a madzi n'kugwira ma chloride 4. Mbali zonse ziwiri ali ndi ma elekitironi atatu okhaokha, high spin kuno, high spin uko. Mtundu wasintha, spin sinasinthe. Mwana amene mwamuuza kuti uku ndiko kusintha kwa spin adzapita nako ku koleji, ndipo kuzula chinthu chimene munthu anachiona ndi maso ake n'kovuta kuposa kudzala chatsopano.

*Mtengo.* Wotsika kwambiri.

*Kupezeka.* Mapepala ake ali m'kabati ya bayoloje m'masukulu ambiri, oyesera madzi otuluka m'masamba. Timibulu ta buluu touma timene timabwera m'mapaketi a zipangizo zina tilinso ndi cobalt yemweyu.

*Kusamalira.* Kosavuta. Chubu chotsekedwa bwino chimakhala zaka.

*Zoopsa.* Cobalt chloride ali m'gulu la mankhwala amene angayambitse khansa, makamaka fumbi lake likapumidwa, ndipo amayabwitsa khungu. Osataya madzi ake m'ngalande yopita kudimba. Ntchito yake yabwino pa nkhani yathu ndi imodzi: kumuika pafupi ndi triazole kapena michere iwiri ija, n'kufunsa ana kuti asiyanitse.

Njira yachinayi: nyama ya pamsika

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pitani kwa ogulitsa nyama pa Lizulu kapena pa Tsangano m'mawa, mupemphe nthuli yochindikala ya ng'ombe. Mukaidula pakati, m'kati mwake mumakhala mofiira moderako, mopita ku papo. Isiyeni pa mpweya theka la ola, pamwamba padzafiira kuti psuu. Mu mnofu muli myoglobin, m'bale wake wa haemoglobin ya m'magazi, ndipo pakati pake pali Fe2+. Wopanda okosijeni ndi high spin. Okosijeni akamugwira, ma elekitironi amathithikana ndipo molekyulu yonse imaleka kukokedwa. Linus Pauling ndi Charles Coryell anayeza zimenezi m'magazi mu 1936. Kusiyana komweku ndi kumene Seiji Ogawa anagwiritsa ntchito mu 1990 poyambitsa njira yoonera mbali ya ubongo imene ikugwira ntchito pa makina a MRI, ndipo kachipangizo kopanira chala kuchipatala kamayeza okosijeni poona kusiyana kwa mitundu iwiriyi.

Apa spin ikusinthadi, ngakhale kuti choisintha ndi ligand wobwera ndi kuchoka, osati kutentha. Ndipo apa ndi pamene pali yankho la mtsikana uja. Thupi lonse la munthu wamkulu lili ndi magalamu 3 kapena 4 okha a ayironi, ma atomu ake ali patalipatali, ochuluka a m'magazi agwira okosijeni, ndipo madzi odzaza m'thupi amakankha maginito pang'ono m'malo mokokedwa.

Ndimakonda kuwonjezera nkhani ya malungo, chifukwa palibe mwana wa kuno amene sawadziwa. Kachirombo ka malungo kamadya haemoglobin n'kusiya timiyala tating'ono totchedwa haemozoin, ta Fe3+ wa high spin. Maselo a magazi odwala amakokedwa ndi maginito amphamvu kuposa abwinobwino, ndipo ofufuza amagwiritsa ntchito zimenezi powapatula.

*Mtengo.* Wa nthuli imodzi basi.

*Kupezeka.* Tsiku lililonse la msika. Ya ng'ombe imaonetsa bwino kuposa ya nkhumba kapena nkhuku, chifukwa ili ndi myoglobin wambiri. Kuzizira kwa kwathu kuno kumathandiza kuti kufiirako kuoneke bwino.

*Kusamalira.* Palibe chosunga. Mumagula m'mawa, mumaonetsa tsiku lomwelo. Ikagona imayamba kuda mofiirira chifukwa ayironi wasanduka Fe3+, limene ndi phunziro lina.

*Zoopsa.* Mpeni, ntchentche, ndi manja osasamba. Nyama yagwiridwa m'labotale isadyedwe. Musayerekeze kubaya ana zala kuti mugwiritse ntchito magazi awo. Kufooka kwa njirayi n'koti sikelo siona kanthu, popeza ayironi ndi wochepa ndipo madzi ndi ambiri. Ana aona mtundu, za maginitozo angokukhulupirirani.

Njira yachisanu: waya ndi moto

Mangani kachidutswa ka waya wopyapyala womangira zitsulo ku waya wa kopa, kalendewere, kakokedwe ndi maginito a mu sipika yakale popanda kukhudza. Kawotcheni mpaka kafiire. Pa madigiri 770 chitsulo chimaleka kukokedwa, kawaya kamagwa, kakazizira kamabwereranso. Malire amenewa amatchedwa ndi dzina la Pierre Curie. Nickel amaleka pa madigiri pafupifupi 355, moti kandulo imakwanira. Gadolinium, chitsulo china chosowa, amaleka pafupi ndi madigiri 20, kutanthauza kuti m'mawa wa July ku Dedza angakakamire pa maginito, n'kugwa mwana akamufumbata m'manja.

Apa maginito akuzimadi ndi kuyaka, pamaso pa kalasi yonse, ngakhale okhala kumbuyo amaona. Koma nakonso si spin crossover. Atomu iliyonse imasunga ma elekitironi ake monga analili; chimene chatha ndi mgwirizano woloza mbali imodzi.

*Mtengo.* Pafupifupi ulere ngati mugwiritsa ntchito waya wa chitsulo. Gadolinium ndi wodula ndipo ndi wochita kuitanitsa kunja.

*Kupezeka.* Waya ali pa hadiweya iliyonse, masipika akufa ali kwa okonza mawailesi. Iyi ndiyo TALULAR yeniyeni, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Nickel weniweni ndi wosowa. Timalamba tolumikizira mabatire nthawi zambiri ndi chitsulo chongokutidwa, ndipo waya wa nichrome wa m'mbaula zina za magetsi, ngakhale uli ndi nickel, si woti mungaudalire pa maginito.

*Kusamalira.* Waya amapsa n'kuthetheka, mumangosintha. Tchingani maginito ndi phale kuti moto usawafike. A mu hard disk musawabweretse kuno, amayamba kufooka akangopitirira madigiri 80.

*Zoopsa.* Kupsa. Waya wosiya kufiira amakhala akadali wotentha kwambiri, ndipo ana amafulumira kutola. Pa mbaula ya makala mufunika kukupiza mwamphamvu, ndipo muchitire panja chifukwa cha utsi.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kuwerengera pa kompyuta

Pulogalamu ya ORCA, yoyambitsidwa ndi Frank Neese ku Germany, ndi yaulere kwa ophunzira ndi ofufuza, ndipo imatha kuwerengera mphamvu ya high spin ndi low spin ya molekyulu imodzi. Mtengo wake ndi laputopu yabwino, bando yokopera, ndi magetsi osadukiza kwa maola angapo. Palibe chowola kapena chotayika. Choopsa chake n'chobisika: yankho limasintha malinga ndi njira yowerengera imene mwasankha, ina imakondera high spin, ina low spin, ndipo kompyuta imapereka zonse ndi chidaliro chofanana. Molekyulu imodzi payokha sionetsanso kukumbukira kuja kwa maunyolo a triazole. Kwa ana a sekondale ndi manambala chabe pa galasi.

Musankhe iti

Ngati muli pa CDSS yopanda magetsi ndi gasi, ndipo kabati ya mankhwala ili ndi mabotolo owerengeka, yambani ndi nyama ndi waya. Tsiku limodzi onetsani mtundu ukusintha chifukwa cha spin, tsiku lina maginito akuleka chifukwa cha kutentha, ndipo muwauze ana poyera kuti ziwirizi n'zosiyana.

Ngati ahedi avomera kugula chinthu chimodzi chokha, chikhale sikelo ya 0.01 g. Ndi michere iwiri ija, ndiyo njira yokhayo yosadula kwambiri imene mwana amayeza yekha kusiyana kwa high spin ndi low spin n'kutuluka ndi manambala ake. Kwa kalabu yokonzekera mpikisano wa sayansi, kumene oweruza amafunsa kuti "mwayeza chiyani?", ndingasankhe imeneyi mosakayika.

Ngati sukulu yanu ili ndi labotale yathunthu, wothandizira wodziwa ntchito, ndipo muli ndi mnzanu ku yunivesite amene angakupezereni 4-amino-1,2,4-triazole, pangani ufawo, koma yambani kupempha teremu imodzi isanafike imene mukuufuna, ndipo sikelo ikhale ilipo kale kuti ana asaone mtundu wokha. Masukulu atatu kapena anayi a m'kilasita imodzi atha kugawana botolo limodzi, chubu chimodzi chotsekedwa n'kumayenda kuchokera ku Linthipe mpaka ku Bembeke.

Cobalt chloride mutulutseni pokhapokha ana atamvetsa kale za nyumba za m'munsi ndi za pachitunda, kuti muwayese ngati angagwidwe ndi mtundu. ORCA isiyireni wophunzira wa chaka chomaliza ku yunivesite amene wabwera kutchuthi ku Ntcheu ndi laputopu, ali ndi womuyang'anira woti akamuonetse zotsatira asanazikhulupirire.